Mpweya Wozizira wa Ketill

Ketill ndinaphunzira naye sukulu kuno ku Flúðir, ndipo makani akewo sanayambe lero. Ntchito yake inali yowotcherera mapaipi a madzi otentha m'nyumba zagalasi zolimamo tomato. Sanakwatire. Mayi ake atamwalira anatsala yekha kutsidya kwa mtsinje, iye ndi galimoto yake yadizilo ya matayala ofika m'chiuno. Ine ndakalambira m'sitolo ya pomwetsera mafuta, kugulitsa khofi ndi msuzi wa nyama ya nkhosa, kotero moyo wake ndauonera pazenera.

Mnzake anali mmodzi yekha, Styrmir, woyendetsa galimoto ya mkaka, munthu wosatseka pakamwa. Chipale chofewa chikagwa n'kugwirana bwino, Loweruka m'mawa ankakumana pano, aliyense ndi galimoto yake, n'kulunjika ku Langjökull, phiri lalikulu la ayezi. Pothera phula ankaima n'kuphwetsako matayala kuti ayandame pachipale. Lamulo lake ngakhale mwana amalidziwa: galimoto imodzi sikwera phiri la ayezi. Ikatitimira, aikoke ndani? Kuyenda awiri si mantha, ndipo awiriwa anayenda chotero mpaka imvi zinawamera.

Vuto linali injini ya Ketill. Inali ndi tebo, chija chimakankhira mpweya wambiri mu injini, koma mpweya ukapanikizidwa umatentha, ndipo injini yomeza mpweya wotentha imafooka n'kumafuka utsi wakuda. Pamtunda, chipale chili cholemera, singano ya kutentha inkakwera, Ketill n'kuima kudikira kuti izizire. Galimoto ya Styrmir inabwera ndi choziziritsira mpweya chake, ndiye inkangokwera osapuma.

Tsiku lina potsika analowa muno, sitolo itadzaza.

“Oddný,” anandiitana Styrmir, “m'patse madzi ozizira mnzangayu akamwetse agogo ake panjapo. Dziko lonse likunjenjemera ndi chisanu, galimoto yake yokha ndiye yatentha thupi!”

Anthu anafa nalo phwete.

“Ine kufika pamwamba, kudya nsomba zanga zouma, kugona, kudzuka, mwini wake akadali m'munsi kupepesa injini!”

Matukutuku oterewa anali chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku. Chomwe chinamulowa Ketill tsikulo sindichidziwa. Anaika kapu pansi mwakachetechete.

“Seka,” anatero. “Sudzandionanso kumbuyo kwako. Tsiku lomwe ndidzabwerenso, wodya utsi udzakhala iwe.”

“Utsi wokha ndiye uli nawo wokwanira mudzi wonse, achimwene!”

Choziziritsira mpweya chimagulitsidwa, kuchiika m'galimoto ndi ntchito ya masiku ochepa. Koma Ketill, pokhala Ketill, anati apanga yekha. Choyamba anachiika pamwamba pa injini, n'kuboola boneti kuti mphepo izilowa. Anaiwala kuti pachipale galimoto imayenda ngati nkhono, mphepo palibe, ndiye chinthu chija chinkangopsa ndi moto wa injini. Chachiwiri anachiika kutsogolo, m'munsi, ndipo chinkadzaza chipale n'kutsekeratu. Dzinja, nyengo yathu ya chipale, linapita, lina linabwera. Magetsi a m'galaja mwake ankayaka, chitseko chili chotseka. Mafuta ankamwetsa pampope wodzithirira wekha, osalowa muno.

Styrmir ankabwerabe Loweruka lililonse. Ankakhala pampando wa pazenera, kuyimbira Ketill foni, kuiika pansi.

“Akuti kwatsala pang'ono,” ankatero. Kenako foniyo inasiya kuyankhidwa.

Kangapo anaphatikana ndi anyamata ochokera kumzinda wa Reykjavík, koma ankabwerako ali ndwii.

“Ana amenewa ukawatukwana amangoti pepani,” anadandaula. “Ulendo wanji umenewo?”

Dzinja lachiwirilo ndinaona kuti Styrmir akusemphana ndi kapu yake poitola. Maso anali atayamba kuchita khungu. Anandiletsa kunena, ati mnzakeyo angabwere chifukwa cha chisoni ntchito isanathe. Ine za amuna ouma mitu zinanditopetsa kalekale. Nditaweruka ndinawoloka mlatho n'kukamenya chitseko cha galaja ija.

“Mnzako maso akutha. Tenga chigalimoto chakocho, chotentha chomwecho, mupite.”

Anatukula chigoba chowotcherera n'kundiyang'ana.

“Wakutuma eti? Akufuna akandisekenso. Kamuuze kuti kwatsala pang'ono.”

“Ndionetsetse anathetsa nkhosa, Ketill!”

Anatsitsa chigoba chake, moto n'kuyambanso kuthetheka. Ndinabwerera ndikutukwana njira yonse.

Ketill anaimaliza ntchito ija m'dzinja lachitatu. Loweruka lina m'mawa ndinamva injini panja, yolira mosalala, utsi osaoneka. Analowa atameta ndevu, atavala juzi ya ubweya yomwe anamulukira mayi ake.

“Ali kuti wapakamwa uja?”

“Ku Selfoss, kwa mwana wake wamkazi. Galimoto anagulitsa chipale chisanayambe. Saona, Ketill. Ndinakuuza.”

Anatuluka n'kuliza galimoto. Dzuwa litapendeka anabwerera ali ndi Styrmir pampando wa pambali. Anaima pakhomo penipeni, anamutsitsa atamugwira pamkono, n'kutsegula boneti. Ndinatuluka ndi khofi, nanga ndikanatani.

Ketill anatenga dzanja la mnzake n'kuliika papaipi yochokera ku tebo.

“Mayo! Ukufuna kundiwotcha?”

Analisamutsira papaipi ina, yolowa mu injini. Styrmir anaigwira nthawi yaitali, akusisita mowotcherera monse ndi chala.

“Kuzizira ngati mphuno ya galu,” anatero. “Wachiika kuti?”

“Kutsogolo, m'mwamba, ndi chokupizira mphepo chakechake. Ngakhale utayenda ngati nkhono.”

“Mfiti iwe. Wachita bwino.”

“Ndiye kwera tizipita. Kunja kukadali kowala.”

Styrmir anaseka, koma si kuseka kuja tinkakudziwa.

“Galimoto imodzi? Ukatitimira ndikukoka ndi chiyani, ndodo yangayi?”

“Tipeza anyamata atiperekeze.”

“Ndiye ukapitirira ndani? Ine ndikhala pambali pako ngati thumba la mbatata. Utsi undidyetsa bwanji?” Anachotsa dzanja papaipi paja n'kulipukuta pabuluku. “Ndinakudikira, Ketill. Za mpikisano ine ndinalibe nazo ntchito. Phiri lija ndimafuna kulionanso ndikadali ndi maso.”

Khofi uja anazizirira m'manja mwanga. Ndinamva chisoni, ndinapsanso mtima, osadziwa kuti ndimenye uti. Ketill anatseka boneti pang'onopang'ono, n'kumubweza mnzake ku Selfoss.

Amakamuona nthawi zina, koma Styrmir amatopa msanga masiku ano, ndipo mwana wake akuti akakhala awiriwo nkhani zimasowa. Anyamata a kuno amuitanapo Ketill kangapo. Amawathokoza, osapita.

Loweruka chipale chikagwirana, amamwetsa mafuta n'kulunjika kumtunda yekha. Woyendetsa katapila yokankha chipale amati amamupeza pothera phula, injini ikulira, ataima pafupi ndi tayala lakutsogolo koma osaliphwetsa. Kenako amatembenuka. Masana amalowa muno n'kukhala pampando wa pazenera uja.

“Yayenda bwanji?” ndimamufunsa, poti wina womufunsa palibe.

“Singano sinasunthe n'komwe,” amatero. Ndiye amadikira pang'ono, ngati pali wina woti amuyankhe zachipongwe.