Ndinkathokoza Mkonono Ukadukiza

Inu owerenga, ndikuvomera kulakwa kwanga. Kwa zaka zambiri ndinkathokoza Mulungu chifukwa cha chinthu chimene chinkapha amuna anga pang'onopang'ono.

Tinkachita lendi ku Mtendere, zipinda ziwiri, khoma limodzi ndi aneba. Amuna anga, amene aliyense ankawaitana kuti Bashi Chanda, kutanthauza bambo ake a Chanda, ankanyamula matumba ku Industrial Area. Anali ojintcha, a khosi lalikulu, ndipo mkonono wawo unkamveka mpaka nyumba yachitatu. Pampopi azimayi ankandinena kuti, "Amake Chanda, jenereta yanu siisila mafuta?" Ine ndinkaseka nawo, n'kumadzitama kuti mwamuna wolimbikira ntchito amagona choncho.

Koma mkonono uja unkati ukalira, n'kudukiza zii. Apo m'pamene ndinkati zikomo Ambuye, nanenso ndione tulo. Pakapita kanthawi ankadzidzimuka ngati munthu wotsamwa, n'kuyambiranso. Ine ndinkangowagunda ndi chigongono kuti atembenuke.

M'mawa ankadzuka mutu ukuwawa. M'minibasi ankasinza mpaka kupitirira siteji, ndipo kutchalitchi ndinkachita kuwatsina. Atawapeza ndi BP, nesi wa pakiliniki anafunsa za kagonedwe kawo, n'kulemba kalata yoti akawayeze kuchipatala chachikulu. Amene anawaletsa ndine. Ndinati, "Mulove nchito chifukwa cha nkonono? Bantu bazatiseka." Kalatayo ndinaipinda n'kuiika m'Baibulo.

Tsiku lina anagwa kuntchito, thumba lili paphewa. Kuchipatala dokotala anandifunsa ngati ankadukiza kupuma akagona. Anandifotokozera kuti pa zii paja njira ya mpweya imakhala yatsekeka, mtima n'kumavutika. Anati kubanika kwa zaka zambiri kumatha kusintha mmene zachibadwa za m'thupi zimagwirira ntchito, mitsempha ya magazi n'kuwonongeka msanga. Chimene chinandilasa kwambiri n'chakuti thandizo lilipo, ngakhale makina othandiza kupuma munthu akagona. Patatha masiku awiri, Bashi Chanda anatisiya.

Ndimawasowa, abale. Ndimasowa mmene ankakanira m'mawa kuti iwo saliza mkonono, kuti ndikuwanamizira. Chanda, mwana wathu woyamba, watenga khosi la bambo ake ndipo wayamba kuliza mkonono. Ameneyu ndinamukokera ndekha kuchipatala, kaya anthu aseke.

Inu owerenga, mnzanu akamachita mkonono n'kumadukiza kupuma, makamaka ngati ali ndi BP, musangomugunda ndi chigongono. Mvetserani, ndipo pitani naye kuchipatala. Tsiku limodzi la ntchito limabwezeka.

Kalata ija ikadali m'Baibulo. Bata limene ndinkapempha lija ndinalipeza, koma sindikuona tulo. Ndimangogona maso ali gwa, kudikira kuti mwina adzidzimuka n'kuyambiranso.