Tsiku Limene Ndinasita Ovolosi Yosakira Agwape

Koleji ndinaisiya m'chaka chachiwiri, ndipo mpaka lero sinatumize uthenga woti ikundisowa. Kuchokera pamenepo ndakhala ndikugwira ntchito yolemekezeka pa bwalo la mpira ku Wembley, ntchito yovala jekete yowala ngati chiphaniphani n'kumalozera anthu oledzera kumene kuli chimbudzi. Ntchitoyi ndi yapanja, mvula kaya mphepo. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti pa nkhani ya kuzizira ndinkadziona ngati pulofesa.

Mtsikana amene ndinkafuna kumanga naye banja anali namwino pa chipatala cha ku Edmonton, kwawo ku Chipata. Makolo ake anali kumudzi, choncho kuno ku London mwini mbumba anali amalume ake. Popanda iwo kuvomera, ankhoswe anga sakanaponda pakhomo. Amalumewo anali chimunthu cha mawu ochepa. Ankagwira ntchito yosamalira nkhalango ya mzungu wina kumpoto kwa mzinda, kumene mabasi ofiira amatherako, ndipo anali ndi chilolezo chowombera agwape amene amadya mitengo yongobzalidwa kumene. Zoti sukulu ndinaisiyira panjira anali atamva kale. Tikakumana kutchalitchi ankandipatsa moni ngati munthu wopereka msonkho.

Tsiku lina titaweruka mapemphero anandiitana ndi chala.

"Iwe mnyamata, kumapeto kwa mwezi tizayenda ku sanga. Usakile ovolosi ya mphepo. Kuzizila kwa pamtengo si kwa maseŵela."

"Ndamva, amalume."

Ndinali ndisanamve chilichonse. Chibwenzi changa ndi amene anandimasulira tili m'basi. Anati kusaka kwa kuno si uzimba wa kwathu wa agalu, zibonga ndi kukuwa. Kuno umakwera makwerero, n'kukhala pampando womangiriridwa kumtengo, n'kungoti duu mpaka gwape atabwera yekha kudzafa.

"Ndiye kudikira basi yomwe mwina sibwera," ndinatero.

"Seka lero," anayankha. "Koma ukakawachititsa manyazi amalume, ine ndi iwe tizingopatsana moni kutchalitchi."

Ovolosi imene ankanena si ija ya amakanika ayi. Ndi chibuluku chokwera mpaka pachifuwa, cha malamba apaphewa, chokhala ndi thonje lambiri mkati. Ndinapita kusitolo ya alenje ndi asodzi kukaiona ndi maso. Wogulitsa anali mayi wachizungu wachikulire, wa mikono ngati wogwira ntchito m'butchala, ndipo anandilalikira ngati ndalowa kalasi ya ubatizo. Anati munthu woyenda amadzitenthetsa yekha, koma wokhala phee amazizira kuyambira m'matako ndi mumsana, n'chifukwa chake kumbuyo kuyenera kukwera mpaka kuphimba impso. Anati zipi azitsika m'mbali mwa miyendo kuti uzivala osavula majombo. Anati saizi ikhale yokulirapo, chifukwa yothina imafinya thonje ukakhala pansi. Kenako anatenga miyendo ya ovolosi ina n'kuikhuza pafupi ndi khutu langa. Inalira fwaa fwaa ngati jumbo ya kumsika.

"Iyi gwape amaimva uli m'galimoto," anatero. "Tengani ya nsalu yofewa, yosalankhula."

Ndinayesa yosalankhulayo. Pagalasi ndinaona matiresi amene apeza ntchito. Koma kutentha kwake, abale, kunali ngati kubwerera m'mimba mwa amayi. Ndiye ndinatembenuza kapepala ka mtengo. Thupi linatentha lokha mpaka thukuta, moti ovolosiyo sinkafunikanso. Ndinavula mwaulemu n'kunena mawu amene Mmalawi aliyense amanena potuluka m'sitolo imene sadzabweranso.

"Ndibweranso."

Munthu wokulira pa kaunjika sataya mtima ndi mitengo ya m'sitolo. Lamulungu lotsatira ndinajomba kutchalitchi n'kupita ku msika uja azungu amagulitsira katundu wakale m'mabuti a galimoto zawo. Kumeneko, pakati pa maketulo opanda zivindikiro ndi zidole zoduka mitu, ndinaipeza. Yobiriwira, yokhuthala, zipi mpaka m'chiuno, kumbuyo kokwera bwino. Ndinakhuza miyendo yake pakhutu ngati katswiri. Zii. Mwini wake anali bambo wadazi amene ankagulitsa katundu wa malemu mchimwene wake.

Vuto linali fungo. Ndagwirapo ntchito pafupi ndi zimbudzi za pa bwalo timu italuza, koma chimenechi chinali china. Munali magazi akale, galu wonyowa, fodya, nkhungu, ndi kena kake kamene ndikukhulupirira kuti kanali malemuyo mwini wake. Nditapisa m'thumba ndinatulutsa nthenga, dzino la nyama, ndi buledi amene anali atamera ubweya wobiriwira wautali woti n'kupesa.

"Musakachape ndi sopo," anatero wadaziyo. "Fungo limenelo ndi limene limagwira ntchito. Mchimwene wanga sanaichapepo."

Ndinamuyang'ana ngati munthu wofunika kumupempherera, n'kuikulunga m'majumbo awiri. M'sitima ndinakhala ndekha mbali yonse.

Tsopano mundimvetse. Ine ndinakulira m'nyumba imene amayi ankasita chilichonse, ngakhale makabudula amkati ndi masokosi, poopa mphutsi zimene ntchentche zimaikira pa zovala zoyanikidwa panja. Kwathu munthu sapita pamaso pa akuchikazi ndi chovala chamakwinya. Ukhoza kupita wanjala, ukhoza kupita wopanda nzeru, koma buluku likhale ndi mzere wakuthwa woti n'kudulira tomato. Ndiye ine ndikaonekere kwa mwini mbumba ndikununkha malemu wa eni?

Ndinaichapa m'makina ndi sopo waufa wodzadza dzanja. Nditainunkhiza, malemu anali akadalimo. Ndinaichapanso, ulendo uno ndi mankhwala ofewetsa zovala onunkhira maluwa, theka la botolo. Ndinaiyanika pa hita. Itauma, thonje lamkati linali litaundana mibulumibulu ngati phala lophika mwana, ndipo lambiri linali litatsikira m'mawondo. Sindinade nkhawa. Simbi imawongola zonse.

Miyendo inasitika bwino ndithu, mizere inatuluka yochititsa kaso. Nditafika pamatako, simbi inakana kuyenda. Ndinamva tswii, kenako utsi wa pulasitiki. Nditainyamula, inanyamuka ndi nsalu yomwe, n'kusiya bowo looneka ngati simbi yeniyeniyo, la nsonga yoloza kumwamba. Ndinaima kanthawi mwakachetechete polemekeza malo a ngoziwo. Kenako ndinamata tepi yakuda. Loweruka m'mawa ndinathira perefyumu pachifuwa, m'khwapa ndi m'malamba, chifukwa ulemu sachita mwatheka.

Amalume ananditenga masana ku Edmonton pa kaveni kawo. Nditangokhala pansi anakoka mpweya kamodzi, n'kutsitsa mawindo onse awiri. Tinayenda choncho, mphepo ikutimenya kumaso, mpaka nyumba zinatha tinalowa m'mitengo. Titatsika anandizungulira pang'onopang'ono ngati munthu wogula mbuzi yodwala. Mwamwayi jekete imene ndinavala pamwamba inali itaphimba tepi.

"Manje iwe, wabwela ku ukwati olo ku sanga?"

"Kutchire, amalume."

Anawerama n'kugwira mzere wa pamwendo ndi zala ziwiri.

"Wasita."

"Ndasita, amalume."

"Ovolosi."

"Eya, amalume. Ulemu."

Anayang'ana kumwamba nthawi yaitali. Kenako anati ndiwatsate. Tinafika pa kachithaphwi kena kamatope akuda, pamene anati agwape amamwerapo, kukodzerapo ndi kuchitirapo zina zonse. M'mbali mwake munali mulu wa zitosi zangati za mbuzi. Anavala magolovesi, n'kukanya zitosizo ndi matope ndi masamba owola mpaka zinasanduka phala.

"Imilila bwino. Kweza manja."

Ndinakweza. Anayambira pachifuwa, n'kutsikira m'mimba, n'kupaka m'khwapa, n'kumalizira pa mizere yanga ija, imene anaipaka mwachidwi chapadera. Ndinaima ngati mwana wodzozedwa mafuta popita kusukulu. Fungo lake linali la khola la nkhumba lothiridwa mazira ovunda, ndipo litakumana ndi maluwa anga silinawagonjetse. Zinangogwirizana n'kubala fungo lachitatu, limene dzina lake kulibe. Munthu wamkulu akakuchitira kanthu pali mawu oyenera kunena, ndipo ndinawanena.

"Zikomo kwambiri, amalume."

Mpando unali pamwamba pa makwerero achitsulo, womangiriridwa ku chimtengo chopanda masamba. Amati ndi wa anthu awiri, koma amene anaupanga sanawaonepo amalumewo. Mwambo umati akuchikazi uziwapatsa mpata, ukawaona panjira upatuke. Ine ndinakhala bondo langa litatsamira lawo, phewa langa lili m'khwapa mwawo, mfuti ili pamiyendo pawo. Lamulo linali limodzi, ananong'ona. Osasuntha, osatsokomola, osakamba.

Apa m'pamene upulofesa wanga unathera. Ku Wembley kukazizira umapondaponda, umawomba m'manja, umakangana ndi woledzera mpaka magazi atenthe. Pamtengo umangokhala, kuzizira n'kumakufufuza modekha ngati wapolisi wa pa rodibuloko. Kunayamba ndi zala zakumapazi. Kunayesa mawondo n'kupeza kuti thonje lonse lili kumeneko, kunabwerera. Kenako ndinamva tepi ikumatuka pang'onopang'ono, ndipo kuzizira kunapeza khomo. Pakati pa ine ndi chitsulo cha mpando panatsala kabudula wamkati yekha, wositidwa bwino.

Poyamba zinkawawa ngati ndakhalira singano. Kenako zinasiya kuwawa, chimene chinandiopsa kwambiri. Mamina ankatsika mpaka pamlomo, ine osatha kufwenthera kapena kupukuta. Chikhodzodzo chinayamba kutumiza madandaulo. Zitosi za pachifuwa zinauma n'kuyamba kugwera pamiyendo. Nthawi ina ndinayesa kusamutsa thupi kuchoka pa tako limodzi kupita pa linzake, amalume anangondiyang'ana ndi ngodya ya diso, ndinabwerera pa tako loyamba. Ndinaganizira chibwenzi changa, ndinadzifunsa moona mtima ngati ku London kulibe atsikana ena opanda amalume. Analipo ambiri. Vuto n'loti ine ndinkafuna yemweyo.

Dzuwa, ngati tingalitche dzuwa, litayamba kutsikira kuseri kwa mitengo, panatulukira gwape. Ndinkayembekeza nyama yaulemerero ya nyanga zanthambi. Kanabwera kanyama kakang'ono kokhota msana, kankhope yokwiya, ka mano otuluka ngati a nguluwe. Kanakweza mphuno kuloza kwathu. Ndinadziwa kuti kathawa, ndipo banja langa lithawa nako. Koma sikanathawe. Kanaima n'kununkhizanso, kakupendeketsa mutu. Ndikukhulupirira kuti pa moyo wake wonse kanali kasanamvepo gwape mnzake wodzola perefyumu, ndipo kankafuna kumvetsa. Kakanali kuganiza choncho, mfuti inalira phuu.

Potsika makwerero miyendo inali ya munthu wina. Amalume anatulutsa mpeni n'kundiuza kuti ndigwire miyendo yakumbuyo. Atang'amba mimba, matumbo anakhuthukira pa majombo anga, nthunzi ikufuka, fungo la udzu wovunda likundilowa mpaka m'mano.

"Ngenesa manja, udonse vonse."

Ndinalowetsa. Ndipo chinthu chonyansa kwambiri pa tsiku lonselo ndi ichi: munali mofunda bwino. Ndinachedwamo dala.

Kunyamula nyama inali ntchito yanga. Nditawerama kuti ndiikweze m'galimoto, jekete inakwera, ndipo kumbuyo kwanga kunangoti zii. Amalume anali ataona bowo.

"Ichi n'chani?"

"Simbi, amalume."

"Wankhala pa mpando wa nsimbi yozizila nthawi yonse ija na matako panja?"

"Eya, amalume."

"Osakamba?"

"Munati osakamba."

Anatulutsa mawu ena pakhosi, sindikudziwa ngati kunali kuseka kapena chifuwa. Anayala thumba la feteleza pampando kuti ndikhalepo, mawindo anatsitsanso. Tinayenda mpaka magetsi a m'misewu anayamba kuoneka. Ine mumtima ndinali nditayamba kale kuwerengera mphatso za chibwenzi changa zimene ndinkayenera kukabweza. Tili pa maloboti ena analankhula osandiyang'ana.

"Ndiwe wopusa maningi."

"Zikomo, amalume."

"Koma sulongolola. Uja mwana wa mlongosi wanga akamba monga wailesi. Panyumba pafunika mmodzi wokhala chete. Uza ankhoswe ako abwele tikambe."

Ndinafuna kuwomba m'manja mwaulemu, koma zala zinali zitamatana ndi magazi.

"Na munthu wonyamula nyama nenze kumusakila kuyambila kale," anawonjezera. "Chaka chilichonse mphepo ikayamba, uziziŵa kuti uli na nchito."

Ananditsitsa pafupi ndi fulati ya chibwenzi changa. Ndinakwera masitepe ndikusiya zizindikiro pa sitepe iliyonse. Nditagogoda anatsegula akumwetulira, anakoka mpweya kamodzi ngati amalume ake, chitseko chinatsekeka, loko analira.

"Watani iwe? Wagwera m'chimbudzi?"

"Tsegula, ndili ndi nkhani."

"Nkhani ilowe yokha. Iweyo ukhale konko."

Ndinagwada pa simenti yozizira, bowo langa litaloza khomo la aneba, n'kukankha kachitseko ka polowetsera makalata ndi chala.

"Akuti ankhoswe abwere," ndinanenera pakabowopo.

Mkatimo munamveka nthungululu yaitali, kenako mapazi akuvinavina pansi. Ndinadikira kuti loko alirenso. M'malo mwake pakabowo paja panatulukira jumbo yakuda ya zinyalala.

"Vulira momwemo, amuna anga," anatero. "Ndi majombo omwe."