Dzuwa Logula ndi Mayunitsi

Abale anga, Lachiwiri lapitali ndinaima padzuwa ndi anthu a mabanja anayi, tonse maso pa kagetsi kofiira ka pa mita ya magetsi ngati tikudikira chozizwitsa.

Nkhani yake ndi iyi. Mwana wanga Tadala ntchito inamuthera ku Maselema, ndiye anayamba kufesa mbande za tomato ndi tsabola zogulitsa. Koma pano pa Ndirande dzuwa mulipeza kuti? Kutsogolo khoma, kumbuyo bafa la eni. Choncho anagula getsi la pepo lounikira mbewu, nkulipachika kuchipinda. Mbande zinamera bwino, ndinathokoza Ambuye.

Vuto, mita ndi imodzi mdadada wonse. Mayunitsi atayamba kutha msanga, a landilodi, a Nyamizinga, anati getsilo lizimitsidwe, apo ayi tisake nyumba ina. Tadala anapempha kuti tiyambe tayeza. Akuti kagetsi ka pa mita kakamaphethira mofulumira ndiye kuti magetsi akudyedwa kwambiri.

Aliyense anazimitsa zake, kagetsi kanangoti duu. Tadala atayatsa getsi lake, kanayamba kuphethira pang'onopang'ono ngati munthu wa tulo. Ine ndinati taona, silidya. A Nyamizinga anati taona, likudya. Kagetsi kamodzimodzi! Kenaka kanayamba kuthamanga, koma aliyense analumbira kuti sanakhudze hotipuleti kapena simbi.

Kodi inu mukanagamula bwanji? Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, komabe ndikuganiza kuti ngakhale a digiri akanakanda mutu.

Amene anatilanditsa ndi mai a Chisomo, aneba athu a ku Nsanje, omwe ndimaganiza kuti ndiwo anakatinenera kwa a landilodi.

"Amwali," anatero kwa Tadala, "zenera langa limalandira dzuwa mmawa. Bwanji ana akowo, mbandezo, azibwera kudzaothera kwathu?"

A Nyamizinga nawo, mwina mwa manyazi, anati pamwamba pa mpanda wawo pamawomba dzuwa masana. Lero mbande zimayenda khomo ndi khomo kulondola dzuwa, ine wonyamula mathireyi. Getsi limayaka madzulo pang'ono, ndi masiku a chiperoni basi. Tadala wamatanso mapepala onyezimira kukhoma kuti kuwala kusatayike. Za kusamuka zija sizikutchulidwanso.

Koma mutu wanga sunakhazikike. Dzuwa Mulungu anatipatsa laulere. Ife tamanga nyumba mothithikana mpaka talitsekera kunja, kenaka tikuligulanso mwa mayunitsi, nkumakanganirana. Tinafika bwanji pamenepa? Ndipo bwanji tinadikira kagetsi kofiira kuti tidziwe kuti mnzathu ali ndi dzuwa pazenera?

China ndikunong'onezeni. Getsi tachepetsa, koma mayunitsi akuthabe msanga monga kale. Ndinafunsa mai a Chisomo, anangoseka nkupitiriza kuthirira tsabola wa Tadala. A Nyamizinga ayamba kale kufunsa kuti tomato abereka liti.

Ndiye anadya mayunitsi aja ndani? Ine ndikupemphera kuti ndisamudziwe, chifukwa mawa mmawa ndikagogoda pakhomo pake ndi thireyi.