Thumba Lakuda la a Mapasa

M'chilimwe dzuwa limatuluka litapsa kale. Mphepo imakokolola fumbi mumsewu n'kulilowetsa m'nyumba kudzera pansi pa chitseko, ndipo mwini kamera amayenera kuifunditsa ngati khanda, kupukuta galasi m'mawa, kupukutanso masana. A Mapasa akhala akuchita zimenezi chiyambire unyamata wawo.

Dzinali si la makolo, linabadwira pa ntchito. M'kachipinda kawo kojambulira, kuseri kwa sitolo ya zitsulo, ankajambula munthu mmodzi kawiri pa chithunzi chimodzi: kuno wakhala pampando, uko waimirira akudzipatsa yekha moni. Ankajambula mbali imodzi ya filimu, mbali inayo ili mumdima, kenako n'kujambulanso osaipititsa filimuyo patsogolo. Anthu ankachoka kutali kudzaona matsengawo. Mafoni atachuluka anthu anachepa, koma a Mapasa sanatseke chitseko.

Chaka chimenecho mwana wawo wamkazi, namwino kudziko lakutali, anabereka mwana wake woyamba, n'kuitana makolo ake onse awiri. Adokotala anawaletsa amayi ake, ati mtima wawo sungapirire ulendo wa pandege. Mayiwo sanalire. Anangofunsa amuna awo kuti, "Ndiye kuti mdzukulu wanga sindimunyamula?"

"Mumunyamula," anatero a Mapasa. "Kavaleni diresi yabwino ija."

Anawakhazika kutsogolo kwa nsalu yakuda, mikono atapinda ngati muli mwana, pamikonopo atayalanso kansalu kakuda. Anawerama pa kamera yawo yakale, ya magalasi awiri, yosuzumira pamwamba, n'kulemba ndi pensulo pagalasi losuzumirapo malo amene mutu wa khanda udzakhale. Anadina kamodzi. Filimu sanaipititse. Theka lina la chithunzicho linali kutsidya kwa nyanja.

Mwana wawo atamva zimenezi pafoni anaseka. "Bambo, pakompyuta izi n'zosavuta!"

Amayi ake analanda foniyo. "Zimenezo n'zomata, iwe. Ine ndikufuna tikhale pafilimu imodzi, ine ndi iyeyo."

Pa bwalo la ndege panali pozizira ngati m'filiji. Anthu ankavula nsapato ndi malamba, kuika m'mathireyi, mathireyiwo n'kulowa m'makina ounika katundu. A Mapasa anali atamva kwa ojambula anzawo kuti makina atsopanowa amaichititsa chifunga filimu yosatsuka. Anaika jekete, nsapato ndi chikwama. Kamera anaikumbatira pachifuwa.

"Bambo, chilichonse m'thireyi," anatero mayi wachitetezo amene ankaima pa makinawo.

"Ichi chokha ayi, mwanangu. Muli akazi anga."

Bambo wina wa kumbuyo kwawo, nsapato zili m'manja, anaseka mokweza. "Achikulire, akazi anuwo ali ndi pasipoti?"

Mzere wonse unaseka. Mayi wachitetezo sanaseke. A Mapasa anamufotokozera bwinobwino za mpando, za nsalu yakuda, za mikono yopanda kanthu. Iye anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndamva, bambo. Ngati makina simukuwafuna, tsegulani ndione m'kati."

"Ndikatsegula, kuwala kulowa n'kuwafufuta."

"Ndiye sichidutsa. Lamulo si langa ili. Musankhe: makina, kutsegula, kapena mwina alipo wokuperekezani kunjaku achitenge."

Wowaperekeza anali atabwerera kale. Mawu a pachimkuzamawu anatchula ndege yawo. A Mapasa anaima ndi masokosi pasimenti yozizira, thalauza atagwira ndi dzanja limodzi poti lamba anali m'thireyi. Anayang'ana chikwama chawo chimene chinali chitatulukira tsidya lina la makinawo.

"Mwanangu, m'chikwama icho muli thumba lakuda. Tanditengereni."

Linali thumba la nsalu yochindikala, la zipi ziwiri, lokhala ndi mikono iwiri ngati malaya opanda khosi. A Mapasa ankasinthiramo filimu dzuwa lili paliwombo, m'maukwati ndi m'mabwalo a mpira.

"Muno mulibe kuwala. Tiikemo kamera, ine dzanja limodzi, inu limodzi. Nditsegula, inu mufufuze ndi zala mpaka mukhutire."

Mayiyo analitembenuza thumbalo uku ndi uku, kenako anaitana abwana ake, bambo wa imvi ndi magalasi a pamphuno. Abwanawo anatulutsira kunja m'kati mwa thumbalo, analigwedeza, analidutsitsanso m'makina. Anapukuta kamerayo ndi kansalu koyezera zophulika, n'kulowetsa kansaluko m'kamakina kena. Kamakinako sikanalire.

"Chiyambire ntchito ino sindinazionepo izi," anatero abwanawo. "Koma dzanja ndi diso lomwe. Pisa, tione."

"Vulani kaye wotchiyo, mwanangu," anatero a Mapasa. "Imawala."

Mayiyo anavula. Anaima moyang'anizana pa tebulo lachitsulo, aliyense mkono wake m'thumba mpaka m'chigongono, maso ali kudenga. Mzere uja unasiya kung'ung'udza. A Mapasa anapeza kachotsekera ndi chala chachikulu. Kanalira pang'ono, kumbuyo kwa kamera kunatseguka.

"Pang'onopang'ono. Ako ndi kagudumu kam'mwamba. Tsikani. Ilo ndi pepala la kumbuyo kwa filimu. Khudzani, koma musakoke. Mukakoka, mwana akakhala paphewa pa agogo ake."

"Musandiseketse, bambo, dzanja linjenjemera."

"Tsikaninso. Kagudumu kam'munsi."

Zala za mayiyo zinayenda m'makona onse, zinabwerera, zinayendanso. Thukuta linatsika pamphumi pa a Mapasa ngakhale kunkazizira.

"Mulibe china," anatero mayiyo kuuza abwana ake. "Pepala ndi timagudumu tiwiri basi."

A Mapasa anatseka, anayesa kachotsekerako kawiri, ndipo atatsimikiza anatsegula zipi. Bambo wa nsapato m'manja uja anayamba kuwomba nsapatozo ngati m'manja, ena n'kumutsatira.

"Thamangani, agogo," anatero mayi wachitetezo akuvala wotchi yake. "Khomo lachitatu kumanzere. Lamba mukamangira m'ndege. Ndipo mukawauze amayi kuti ndawapatsa moni pamanja."

Anathamangadi, kamera pachifuwa, thalauza m'dzanja.

Kudziko kuja inali nyengo ya mvula yamvumbi, yosaleka, yoyenderera pazenera tsiku lonse. Kuwala kunali kochepa, choncho anadikira mpaka masana a tsiku lachiwiri, mitambo itang'ambika pang'ono. Anakhazika mkamwini wawo pafupi ndi zenera n'kumufunditsa nsalu yakuda kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Apongozi, ndipuma bwanji muno?"

"Mupuma tikamaliza. Kwezani mkono wakumanzere."

Mwana wawo anagoneka khanda pamikono yobisikayo. Linayasamula, linatambasula kadzanja, linagona. A Mapasa anawerama pa kamera, anaisuntha pang'ono kumanja, anaitsitsa pang'ono, mpaka mutu wa khandalo unalowa m'kamzere ka pensulo. Anagwira mpweya. Anadina.

Kenako anazungulitsa kachogwirira, filimu inapita patsogolo.