Chithunzi Chomwe Tinajambulitsa kwa a Walter

Ndinali ndi zaka khumi pamene mapepala a bambo anga okhalira ku America anatha. Tinkakhala ku South Bend, amayi akugwira ntchito yosamalira okalamba. Anagwirizana kuti bambo abwerere ku Malawi, ife titsale. Asananyamuke, amayi anati tikajambulitse chithunzi cha banja.

Wojambulayo anali mzungu wokalamba, a Walter, ndipo situdiyo yawo inali kuseri kwa nyumba. M'katimo munkanunkha mankhwala otsukira mafilimu. Mkono wawo wamanzere unali ndi zipsera za moto mpaka m'chigongono, moti ndinkaopa kuuyang'ana.

Ine ndinakana kuima pafupi ndi bambo. Ndinali nditakwiya, poganiza kuti akutithawa.

"Tadala, usatichititse manyazi. Tamwetulira!" anandinong'oneza amayi, uku akunditsina.

A Walter anasiya kamera n'kukhala pampando. Anandiuza m'Chingerezi kuti ali mnyamata, pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ankagwira ntchito m'sitima yapamadzi yonyamula katundu. Sanali msilikali, analibe ndi mfuti yomwe. Sitimayo inaphulitsidwa pakati pa nyanja, mafuta n'kumayaka pamwamba pa madzi. Mnzawo wa ku Indianapolis anawagwira dzanja, kenako anawapulumuka n'kumira. Atabwerako, mayi a mnzawoyo anapempha chithunzi chilichonse cha mwana wawo ali pantchito. Panalibe.

"Nkhope yake ndinaiiwala," anatero. "Ndayesetsa, siibwera." Kenako anatembenukira kwa amayi. "Musamukakamize kumwetulira. Angoima pamenepo."

Ndinaima. Bambo anaika dzanja paphewa panga.

Bambo sanabwerenso. Anamwalira ku Ntcheu ine ndili kusekondale, ndipo kumaliro sitinapite, poopa kuti sakatilola kulowanso m'dziko muno.

Lero ndimakhala ku Indianapolis, chithunzicho chili pakhoma. Ana anga amandifunsa m'Chingerezi chomwe ndinakwinyira nkhope choncho. Kwa zaka zambiri nanenso ndinkangoona kamtsikana kokwiyako. Ndinadzazindikira ndili wamkulu kale kuti bambonso sanamwetulire. Maso awo sali pa kamera, ali pa ine, ofiira.

A Walter akanatikakamiza kuseka, bwenzi ndili ndi chithunzi chokongola cha banja lomwe silinakhaleko. Anandisiyira chowawacho, ndipo ndi mmenemo mokha momwe ndimawapezamo bambo anga.