Ndakatulo ya Chijeremani Imene Inandithyola Zala

Ndinali mphunzitsi wachinyamata pa sukulu ina ya mishoni cha ku Domwe, m'dziko lolamulidwa ndi Apwitikizi, mphekesera za nkhondo yomenyera ufulu zitangoyamba kutifika. Mmodzi wa ansembe athu anali wa ku Jeremani, munthu wosungulumwa. Ana akaweruka, wansembeyo ankandiitana m'kalasi kuti andiphunzitse ndakatulo ya kwawo.

Chijeremani sindinkachimva, koma abambowo ankati khutu lokha likwanira. Iwo ankawerenga mzere, ine ndikugogoda tebulo. Pamene mawu alemera ndinkalemba kamzere pa kwadulu, thabwa lakuda lolembapo lija. Pamene apepuka, kadontho. Mizere yothera mofanana tinkaipatsa chilembo chimodzi. Panali mzere wina wobwerabwera kumapeto kwa ndime iliyonse, ngati mmene amayi amavomerera nyimbo pamtondo. Ndisaname, zinkandikoma.

Tsiku lina tinaiwala kufufuta. M'mawa mwake kunatulukira shefi wa positu, Mpwitikizi wolamulira dera lathu, ndi asipayi, apolisi ake aja, kudzayendera sukulu. Anaima duu, maso pa timizere ndi timadontho tija.

"Walemba izi ndani?"

"Ndine, bwana. Ndi kagundidwe ka ndakatulo."

"Ndakatulo? Izi ndi zizindikiro za wayilesi! Ukutumiza uthenga kwa zigawenga ziti kutchireko?"

Anandimanga ana a m'kalasi mwanga akuona. Ku positu ndinayesa kufotokoza, mpaka ndinagogoda ndime yonse pakhoma kuti amve okha. Shefi anaseka, nauza msipayi atenge mbalamatodya, thabwa lomenyera m'manja. Ankamenya dzanja lamanja lokha, ati ndilo limalemba. Zala ziwiri zinathyoka, n'kupola zokhota.

Wansembe uja anabweradi, nakalipa, nalumbira kuti ndikunena zoona. Iwo anawapatsa mpando ndi khofi, kenaka n'kuwauza kuti abwerere kwawo. Ine ndinatuluka anthu atakolola kale, ntchito itatha. Ndinapeza kuti ponyamuka wansembe uja anasiyira mkazi wanga buku la ndakatulo lija, ndi mawu akuti azindipempherera. Mkazi wanga analiponya m'chimbudzi tsiku lomwelo poopa asipayi. Anachita bwino.

Ndinayamba kulima mbatatesi, n'kumakankha matumba pa njinga kukagulitsa mpaka ku Kalomwe. Ufulu utabwera anandiitana kuti ndikaphunzitsenso. Ndinapita, koma zolemba zanga ana sankatha kuziwerenga, ndipo ndinasiya ndekha chaka chisanathe. Abambo aja sanafunsepo za ine ngakhale kamodzi.