Ndinati muichinje, iwo anachinjadi mfuti ya atate

Mfuti ya atate anga inapita ndi munthu amene sindimudziwa, ndipo amene anaipereka akuti wolakwa ndine. Ndatopa, abale. Ndikulemba pano chifukwa kulankhula ndalankhula mpaka mawu atha.

Atate ndi okalamba, timakhala nawo ku Matero muno mu Lusaka. Ali ndi munda cha ku Chongwe kumene nguluwe zimawathera chimanga chaka chilichonse. Mfuti ali nayo, ya layisensi, mapepala onse ali m'malo. Ndi kamfuti kaja ka zipolopolo zing'onozing'ono, kamene ukawomba kamadzikokera kokha chipolopolo china. Pa nkhanga kamagwira ntchito. Pa nguluwe n'kungoiputa. Chipolopolo chakenso chimamenyedwa m'mphepete, ndiye ukawomba khoko lake n'lotaya. Mnzawo wa kutchalitchi anawauza kuti zipolopolo zazikulu, zomenyedwa pakati, makoko ake amadzazidwanso, ndipo amisiri atha kuikonza mfuti yomweyo kuti izidya zimenezo. Atate akamva chinthu kutchalitchi ndiye kwatha, palibe wowabweza.

Masabata asanu ndi awiri apitawo, Lolemba m'mawa, ndinawaperekeza ku shopu ina yokonza mfuti ku Heavy Industrial Area. Dzina sindilitchula. Iwo akudzidziwa. Atate anatopa ndi ulendo, anakhala pa benchi n'kundiuza m'Chichewa chawo cha kumudzi kuti ndiwauze aikonze, izilowa zipolopolo zazikulu. Ine wobadwira m'tauni ndinafika pa kauntala n'kunena mmene timanenera tonse muno. Ndinati muichinje.

Wa pa kauntala, ba Chanda, sanafunse kalikonse. Anaitembenuza kawiri, anamwetulira.

"Palibe vuto, ba sisita. Tizachinja. Bwelani pa Faifi."

Pa lisiti analemba liwu limodzi lokha la Chingerezi, lotanthauza kusintha. Ndinaipinda n'kuiika m'chikwama ndili wokondwa ngati wachita chanzeru.

Lachisanu 10 koloko ndinapita. Kotseka. Mlonda anati onse ali ku maliro. Sabata yotsatira anati magetsi anazima, makina sakuyenda. Ulendo wachitatu anati mmisiri wamkulu ali ndi malungo. Wachinayi ndinakhala pa benchi ija kuyambira 9 mpaka 1 koloko, ba Chanda anatuluka ati akukagula madzi akumwa, osabweranso. Madzi ake amakatunga ku mtsinje wa Kafue kodi? Ine ndine telala. Tsiku lililonse limene ndimapita kumeneko ndimatseka makina anga, ndimakwera mabasi awiri, ndimabwera ndi fumbi mpaka m'makutu.

Dzulo, 20 pasiti 2, ba Chanda anatulutsa mfuti. Anaiika pa kauntala monyadira. Mfuti yaitali, yolemera, thabwa lake lakuda, mng'alu womangidwa ndi tepi. Ine za mfuti sindidziwa zambiri, koma ya atate ndinakula ndikuiona. Ndinatulutsa kabuku ka layisensi n'kuyerekeza nambala. Yosiyana kuyambira koyamba mpaka kumapeto.

Ndinafunsa kuti ya atate ili kuti.

"Ba sisita, imwe munakamba kuti tichinje. Tachinja. Iyi ni yaikulu, yamene munali kufuna. Manje vuto ili pati?"

Ndinawafotokozera pang'onopang'ono, ngati kwa mwana, kuti ndinkatanthauza kuikonza yomweyo, osati kusinthanitsa ndi ina. Anati liwu ndi lomwelo, ndiwerenge lisiti. Anati kunabwera bambo wina wa ku Mumbwa amene ankafuna kamfuti kakang'ono, anasiya yake n'kutenga ya atate, sabata yoyamba yomwe ija. Sabata yoyamba! Ndiye maliro aja, magetsi aja, malungo aja, anali a chiyani? Ndinafunsa za mapepala, anati tiona. Ndinati muimbireni wa ku Mumbwayo. Anaimba katatu ine ndili pomwepo, foni yozima.

Kumbuyo kunali mmisiri wachikulire wovala ovolosi, ba Zulu, akumva zonse. Ba Chanda atalowa mkati, anandiyandikira akupukuta manja.

"Mayi, ija mfuti siingakonzeke mwamene muja. Thupi yake ni ing'ono, ingamuphulikile kumenso mdala wanu. Aliyense mu nchito ino aziba."

Aliyense amadziwa. Ndiye bwanji sanatiuze tsiku loyamba? Liwu limodzi lokha, sizitheka, tikanabwerera kwathu ndi mfuti yathu. Atate akanadandaula m'basi, pofika ku Matero akanaiwala. Inde, liwu ndinalakwitsa ine, ndikuvomera, ndipo likundiwawa. Koma kodi munthu wokonza mfuti samafunsa? Ine wosoka madiresi, mayi akandiuza kuti muichinje, ndimafunsa kuti ndiifupikitse kapena ndiithinitse. Sindipatsa munthu wina diresi yake. Iyi ndi mfuti, yokhala ndi nambala, yolembedwa m'dzina la munthu.

Mfuti yawo yaikuluyo ndinaisiya pa kauntala. Sindinaikhudze n'komwe.

Vuto lenileni nali. Lachisanu likubwerali atate akuyenera kupita kupolisi kukawonjezera layisensi, ndipo kumeneko amafuna kuiona mfutiyo. Akanyamula ya wa ku Mumbwa, anyamula mfuti yosakhala yawo. Akapita chimanjamanja, afunsidwa kuti yanu ili kuti. Ndipo kulikonse kumene ili panopa, ikachita choipa, dzina limene lituluke ndi la nkhalamba ya ku Matero imene sinaimepo pamaso pa wapolisi ngati wolakwa moyo wake wonse.

Ndiye inu a shopu, ndikudziwa kuti mukuwerenga. Mfuti ya atate ifike pofika Lachinayi 4 koloko madzulo, nambala yake yomweyo. Kaya mukwera basi ya ku Mumbwa, kaya muyenda pansi, izo ndi zanu. Ikapanda kufika, Lachisanu ndikapereka lisiti yanu kupolisi n'kufotokoza zonse, kuyambira pa liwu langa lomwe. Enanu, wina akakuuzani kuti kamfuti kakang'ono kakhoza kusanduka kakakulu, musiyeni alankhule yekha. Ndipo chilichonse chimene mukusiya kwa mmisiri muno mu Lusaka, mumuuze alembe zonse zimene akachite, muwerenge musanachoke.

Atate sindinawauzebe. M'mawa uno ndinawapeza akusita jekete lawo la Lachisanu, anandifunsa ngati amisiri aja amaliza. Ndinati tikambirana masana. Masana akwana tsopano, ndili pa geti la kwathu. Ndikuwadziwa, sakalipa. Angondiyang'ana n'kunena kuti chabwino, mama. Bola akanakhala okalipa.